Nyimbo zatsopano za Ma Blacks: ku Elephant Marsh chigamulo chimadza mochedwa

CHIKWAWA: Nthawi zambiri gulu loyimba la Black Missionaries likatulutsa chimbale chatsopano, mawu oyamba kumveka pakati pa olitsatira amakhala odandaula. Ena amati anyamata a ku Chilekawa ataya uthenga womwe malemu Evison Matafale anawasiyira, ena amati nyimbo zachikondi zachuluka, pomwe enanso amati kayimbidwe n'komwe kaja, palibe chachilendo.

Koma pakatha zaka zitatu kapena zinayi, chimbale chonyozedwacho ndi chomwe anthu omwe aja amachitenga ngati muyeso podzudzula chinzake chobwera pambuyo.

Mchitidwewu uli m'dziko lonse, koma umaoneka bwino m'madera ozungulira dambo la Elephant Marsh m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komwe nyimbo imafika pang'onopang'ono, ndipo ikafika sichoka msanga. Nkhaniyi si yongocheza pabawo ayi, chifukwa chakudya cha oyimba chimadalira kuti iwo amvera chigamulo chiti: cha sabata yoyamba, kapena cha pakatha zaka.

Dambo limeneli, lomwe akuluakulu a m'chigwa cha Shire ankalitchula kuti Dabanyi, layala kuchokera kumunsi kwa boma la Chikwawa mpaka ku Chiromo, komwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Dzina lake la Chingerezi linachokera kwa David Livingstone, yemwe m'chaka cha 1859 analemba kuti anaonapo njovu pafupifupi 800. Njovuzo zinatha kalekale. Zomwe zatsala ndi mvuu, ng'ona, mbalame zamitundumitundu, komanso asodzi a mlamba ndi mphende pamodzi ndi alimi a m'madimba. M'chaka cha 2017 malowa, omwe ndi okula mahekitala 61,556, anaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar.

Chofunika pa nkhani ya nyimbo n'choti damboli limagawa anthu pawiri. Kumadzulo kwake kumadutsa msewu wa M1 womwe umalumikiza Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Uku ndi komwe kuli minda ya nzimbe ya Illovo, misika ya thonje, malo omwera mowa ndi malo ogona alendo, ndipo magulu akuluakulu oyimba akatsikira kuchigwa amaima m'malo amenewa, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu akalandira.

Kum'mawa, komwe anthu amangoti ku East Bank, msewu umapatuka pa Thabwa n'kudzera ku Livunzu, Masenjere ndi Fatima mpaka ku Makhanga, ndipo mvula ikakula mitsinje yochokera kumapiri a Thyolo imaudula. M'chaka cha 1997 madzi osefukira anakokolola njanji ndi njira yolumikiza Bangula ndi Chiromo, zomwe zinachititsa kuti kwa zaka zambiri anthu aziwoloka pa mabwato. Choncho nthawi yomwe rege ya ku Chileka inkayamba kumveka, kaseti yogulidwa kwa O.G. Issa ku Limbe inkafika m'midzi ya mafumu Makhuwira ndi Mlolo ngati katundu wina aliyense: panjinga, pamatola, kapena pabwato.

Matafale anatulutsa zimbale ziwiri zokha. Choyamba, Kuimba 1, anajambula ndi gulu la Wailing Brothers, ndipo chachiwiri, Kuimba 2, anajambula ndi Black Missionaries, gulu lomwe analikhazikitsa pamodzi ndi ana a malemu Robert Fumulani, katswiri wa Likhubula River Jazz Band. Nyimbo monga Watsetsereka, Yang'ana Nkhope ndi Time Mark zinamutchukitsa m'kanthawi kochepa. Pa 27 Novembala 2001 iye anamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi, atamangidwa kaamba ka kalata yomwe analemba yodzudzula boma la nthawi imeneyo. Anali ndi zaka 32.

Apa ndi pomwe panayambira vuto lomwe gululi lakhala nalo mpaka lero. Woyimba yemwe wamwalira atangotulutsa zimbale ziwiri sakhalanso ndi mpata wolakwitsa. Sakalamba, sabwereza nyimbo, sayimba nyimbo yofooka pofuna kudzaza chimbale. Otsala ndi amene amachita zonsezi, ndipo amayerekezedwa ndi munthu yemwe sangatulutsenso chimbale chachitatu choti anthu achikane.

Musamude Fumulani atatenga utsogoleri, anthu ambiri ankakayika ngati gululo lingapitirire popanda mwini wake. Kuimba 3 chinalandiridwa ndi makutu ofufuza zolakwa: mawu si a Matafale, ukali wachepa, ana akungodyera dzina la malemu. Komabe zimbale zinapitirira kutuluka, anthu ankadzaza malo oyimbirako, ndipo pomwe Musamude ankamwalira mu Sepitembala 2007, otsatira gululi anali atayamba kale kutchula nyengo yake ngati nthawi yomwe Ma Blacks anali Ma Blacks enieni.

Mtolo wa kukayikiridwa unangosamukira pa mng'ono wake, Anjiru Fumulani, yemwe anatsogolera gululi mothandizana ndi Chizondi Fumulani komanso Anthony Makondetsa. Madandaulo omwe ankanenedwa pa Musamude anayamba kunenedwa pa Anjiru, mawu ake omwewo, kungosintha dzina la womuyerekeza naye. Abale awiri a kwa Chokani, Paul ndi Takudziwani, atachoka kukadzutsa gulu la Wailing Brothers pakati pa zaka za m'ma 2010, kunamvekanso zoti tsopano zatha. Chiwerengero cha zimbale za Kuimba chinadutsa khumi.

Funso n'loti, kodi chimasintha n'chiyani pakati pa chaka choyamba ndi chachinayi, poti nyimbo yojambulidwa imakhala yomweyo?

Mbali ina ya yankho ndi yodziwika kwa akatswiri a maganizo a anthu. M'chaka cha 1968 katswiri wa ku America, Robert Zajonc, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti munthu akamakumana ndi chinthu mobwerezabwereza amayamba kuchikonda, ngakhale popanda chifukwa china. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komwe mawailesi ndi ochuluka ndipo nyimbo zatsopano zimatuluka tsiku ndi tsiku, nyimbo yomwe sinagwire mtima pakumva koyamba imakankhidwira kumbali isanapeze mpata wobwerezedwa. Kudambo zinthu zimayenda mosiyana. Msodzi yemwe amatha masiku angapo pa dooko la kwa Mchacha James, kapena mlimi yemwe wasamukira kudimba nthawi yachilimwe, amakhala ndi nyimbo zomwe anachoka nazo kumudzi basi. Kale inali kaseti imodzi ndi mabatire. Lero ndi memory card ya mufoni kapena m'kawailesi koyendera dzuwa. Chimbale chimamveredwa chonse, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kambirimbiri, kufikira nyimbo yomwe inkaoneka yozizira itayamba kuyimbidwa pakamwa popalasa bwato.

N'chifukwa chake nyimbo zomwe sizinamveke kwambiri pawailesi zimatha kukhala ndi moyo wautali m'madera oterewa kusiyana ndi zomwe zinatchuka sabata yoyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudambo kudekhako sikuchita kusankha. Kumabwera ndi kutalika kwa njira.

Mbali yachiwiri, yomwe anthu okonda kutsutsana za nyimbo saiganizira kawirikawiri, ndi yoti omvera nawonso amasinthana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 564,684 m'boma la Chikwawa ndi 299,168 m'boma la Nsanje, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu anali osakwana zaka 18. Izi zikutanthauza kuti ambiri mwa achinyamata omwe amavina patsogolo pa nsanja ku Nchalo kapena ku Ngabu anabadwa Matafale atamwalira kale. Mwana wobadwa sabata ya maliro ake lero ndi bambo kapena mayi wa pabanja. Kwa iye, nyimbo zakale za Ma Blacks si za Kuimba 1 ayi, koma zomwe ankamva ali ku pulayimale, zomwe ndi za nyengo ya Anjiru, zomwe zija akuluakulu ake ankati zataya uthenga.

Choncho pomwe anthu amati maganizo a otsatira gululi asintha, nthawi zina si maganizo omwe asintha koma eni maganizowo. Odandaula aja anakula, anasiya kupita kumadansi a usiku, ndipo malo awo anatengedwa ndi ena omwe chimbale chonyozedwacho ndi chomwe chinawalera.

Palinso nkhani ya zikumbutso. Chigwa cha Shire chaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo nthawi zonsezi mabanja ochokera m'mbali mwa dambo ankathawira m'misasa monga ya ku Bangula. Nyimbo yomwe munthu ankamvera m'nyengo yotere, kapena yomwe inkalira pa ukwati wa mlongo wake, kapena chaka chomwe thonje linagulidwa bwino, sayiweruzanso ndi khutu lokha. Imasanduka chizindikiro cha nthawi. Chimbale chatsopano sichingapikisane ndi zimenezi chifukwa chimafika chilibe mbiri iliyonse m'moyo wa womvera. Chimayenera kudikira kuti moyo uchipatse yake.

Izi sizichitika ku Malawi kokha. Gulu la chamba cha rock la ku America lotchedwa Weezer litatulutsa chimbale cha Pinkerton m'chaka cha 1996, owerenga magazini ya Rolling Stone anachiika pa nambala yachitatu mwa zimbale zoipitsitsa za chakacho. M'chaka cha 2002 owerenga a magazini yomweyo anachiika pa nambala 16 mwa zimbale zabwino koposa m'mbiri yonse, ndipo mu 2004 magaziniyo inachiunikanso n'kuchipatsa nyenyezi zisanu. Palibe chingwe cha gitala ngakhale chimodzi chomwe chinasinthidwa m'chimbalecho pa zaka zisanu ndi zitatuzo.

Kufupi kuno, gulu la WITCH la ku Zambia, lomwe linatchuka ndi chamba cha Zamrock m'zaka za m'ma 1970, linatembenukira ku disco ndi zimbale za Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, mtsogoleri wake woyamba, Emmanuel "Jagari" Chanda, atachoka. Kenaka gululo linazimirira, ndipo Jagari anakakhala wokumba miyala yamtengo wapatali. Nyimbo zawo zitasindikizidwanso kunja cha m'ma 2012 zinapeza omvera atsopano ku Ulaya ndi ku America, za disco zomwe, mpaka gululo linadzukanso n'kutulutsa chimbale cha Zango mu 2023.

Naye Lucky Dube, yemwe okonda rege a m'chigwa cha Shire amamudziwa bwino, anayamba ndi nyimbo za mbaqanga. Chimbale chake choyamba cha rege, Rastas Never Die, cha mu 1984, sichinayende malonda ndipo boma latsankho la South Africa linachiletsa. Akanamvera chigamulo choyambacho, bwenzi atabwerera ku mbaqanga. Anaphedwa ku Johannesburg mu Okotobala 2007, patangotha mwezi umodzi Musamude atamwalira, ali woyimba rege wotchuka koposa mu Africa.

Komatu si bwino kutengera zitsanzozi n'kunena kuti odandaula amalakwa nthawi zonse. Nthawi siyeretsa nyimbo iliyonse. M'zimbale za Kuimba muli nyimbo zambiri zomwe zinanyozedwa zitangotuluka ndipo lero palibe amazikumbuka, ngakhale ku Makhanga komwe chimbale chimamveredwa chonse. Chomwe zaka zimachita ndi kupeta: mankhusu amauluka, n'kutsala nyimbo zitatu kapena zinayi, ndipo anthu akamati chimbale chakuti chinali chabwino amakhala akukumbukira zotsalazo. Chimbale chatsopano chimaweruzidwa chisanapetedwe, pomwe chakale chimaweruzidwa chitapetedwa kale. Mpikisano wotere sungakhale wachilungamo.

Dandaulo lokhudza uthenga nalo lili ndi maziko ake. Anthu a m'chigwachi ali ndi nkhani zomwe amafuna wina aziyimbe mopanda mantha: mikangano ya malo, mitengo ya thonje, ng'ona zomwe zimagwira asodzi ndi amayi otunga madzi, njala yomwe imatumiza mabanja kudambo kukazula nyika, komanso nkhani yosamutsa anthu kuchoka m'malo osefukira madzi. Matafale anawazoloweza kuti rege ndi chida chonenera zowawa. Akamva nyimbo yachikondi pomwe amayembekeza mawu odzudzula, kukhumudwa kwawo n'komveka. Chomwe chimaiwalika n'choti Matafale yemweyo ankayimbanso za chikondi ndi za Mulungu, ndiponso kuti anyamata omwe anatsala anaona ndi maso awo mtengo womwe mnzawo analipira.

Mwina n'koyeneranso kukumbukira kuti chamba chenichenicho chinayamba ndi kukanidwa. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo ngakhale zinthu zitasintha mu 1994, makolo ambiri ankaona rege ngati nyimbo za osuta chamba. Zinatengera chigamulo cha bwalo lalikulu la milandu ku Zomba mu Meyi 2023 kuti ana a Chirasta ololedwa kale ndi malamulo a dziko aziloledwanso m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopotana. Lero nyimbo za ku Chileka zimalira pa zinkhoswe ndi pa maukwati, agogo ali pompo.

Oyimba a m'chigwa momwemo akumanapo ndi kuchedwa kwa chigamuloku. Malemu Joseph Tembo, yemwe ankayimba m'Chisena ndipo anatchuka ndi nyimbo ya Dimingu, ankamva ena akunena kuti kayimbidwe kake kakufanana kwambiri ndi ka ku Zimbabwe, ngati kuti ng'oma za Asena zimathera pa malire a ku Marka. Iye anakhalapo phungu wa dera la Chikwawa Nkombezi, lomwe lili kumadzulo kwa damboli, kuyambira 2009 mpaka 2014. Atamwalira mu Disembala 2019, dziko linamutamanda ngati mmodzi mwa anthu omwe anakweza chiyankhulo ndi kayimbidwe ka m'chigwa cha Shire. Nyimbo ya Chinafuna M'bale ya gulu la Lucky Stars nayo yakhala ikubwerera m'makutu a mibadwo yomwe sinaone eni ake ali pachimake.

Chitsanzo chodabwitsa koposa ndi cha Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, yemwe nyimbo yake ya Linny Hoo inafalikira dziko lonse lapansi kudzera pa TikTok atayiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020. Apo n'kuti mwini wake ali ndi zaka 90.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imafika pa ndalama. M'nthawi ya makaseti, chikondi chochedwa chinkalipira. Chimbale chikayamba kukondedwa ku East Bank chaka chachiwiri, wogulitsa ankaitanitsa makaseti ena, ndipo kaseti ikatha kapena kudyedwa ndi wailesi, mwini wake ankagula ina. Lero nyimbo zimakoperedwa m'tizisakasa ta m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula pa ndalama yochepa yomwe siyifika kwa woyimba, kenaka n'kumagawidwa kuchoka pafoni ina kupita pa ina. Lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016 linatsegula njira yoti bungwe la COSOMA lizitolera ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo n'kugawira eni ntchitozo, zomwe zathandizako, koma silingawerenge kuti nyimbo yakuti yalira kangati m'bwato pakati pa dambo.

Motero gulu ngati Black Missionaries limadalira kwambiri ndalama za pakhomo pa madansi, ndipo pamenepo pali msampha. Anthu omwe alipira pakhomo amafuna nyimbo zomwe akuzidziwa. Gulu likayamba nyimbo yatsopano, ovina amachepa, ena amapita kukagula chakumwa, ena amakuwa kutchula nyimbo yakale. Woyimba woyang'ana zimenezi ali pansanja akhoza kuganiza kuti chimbale chake chalephera, n'kusiya kuyimba nyimbo zatsopanozo, pomwe kusiya kuziyimba ndi komwe kumaziphetsa zisanapeze mpata wozolowereka. Ena amathawira ku njira ina, yojambula nyimbo zofanana ndi zakale kuti asakhumudwitse anthu, ndipo akatero amapezeka ndi mlandu wachiwiri uja, woti palibe chachilendo.

Vutoli lakula chifukwa chigamulo cha sabata yoyamba tsopano chimamveka kwambiri kuposa kale. Chimalembedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi anthu a m'mizinda omwe ali ndi intaneti, ambiri mwa iwo atangomva nyimbo imodzi kapena ziwiri. Chigamulo cha msodzi yemwe wamvera chimbale chonse kwa miyezi isanu ndi umodzi sichilembedwa paliponse. Chimaonekera pokhapokha gululo likafika kwawo n'kupeza anthu akuyimba mawu onse a nyimbo yomwe ku Blantyre inaiwalika, ndipo magulu akuluakulu safikafika kutsidya la kum'mawa, komwe msewu ndi wovuta ndipo malo otchingidwa oti n'kulipiritsa pakhomo ndi ochepa.

Chaka ndi chaka, chakumapeto kwa chaka, ku Chileka kumachitika mwambo wokumbukira Matafale ndi oyimba anzake omwe anatsogola, ndipo anthu amalowa ulere. Iyi ndi nyengo yomwe chigwa cha Shire chimakhala pa ng'anjo, kudula nzimbe kukupita kumapeto, mvula yoyamba ili pafupi. Kwa wokonda rege wa ku Nchalo kapena ku Livunzu, ulendo wake ndi wokwera chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre, kenaka n'kulowera ku Chileka.

Pa mwambowu nyimbo za Kuimba 1 ndi Kuimba 2 zimayimbidwa motsatizana ndi za nyengo ya Musamude ndi za nyengo ya Anjiru, ndipo khamu limaziyimba zonse osasiyanitsa kuti iyi ndi ya mwini gulu, iyi ndi ya otsala. Zomwe zimalandiridwa mozizira zimakhala za m'chimbale chomwe changotuluka kumene.